Kodi Ngalande ya Chigwa Adzaisunga Ndani?

Pakati pa ntchito zonse zimene dziko la Malawi lagwira chilandirire ufulu mu 1964, n'zochepa zimene zingafanane kukula kwake ndi ngalande imene ikukumbidwa kuchokera pa damu la Kapichira, kudutsa m'nkhalango ya Majete, kutsetsereka ndi chigwa cha Shire kulinga ku Bangula, imene eni mapulani akuti pakutha pake idzathirira minda yokwana mahekitala 43,370 m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje. Ndipo ife a kwa Katunga, amene tinabadwira m'dziko la dzuwa lootcha ndi mvula yosakhulupirika, sitingakhale oyamba kunyoza madzi amene makolo athu anawalakalaka osawaona. Koma popeza chizolowezi cha andale ndi olemba nkhani ndicho kuwerenga makilomita amene akumbidwa ndi ndalama zimene zabwerekedwa, ine ndifuna kufunsa za munthu, pakuti tsiku lidzafika limene makontrakitala adzapakira makina awo n'kubwerera kwawo, ndipo pa tsiku limenelo padzafunika wina wotsala, wodziwa kuyendetsa ngalandeyo, kuiyeza ndi kuikonza. Kodi munthu ameneyo tikumuphunzitsa kuti?

Yankho langa ndi lakuti sitikumuphunzitsa mokwanira, ndipo chifukwa chake si umphawi wokha ayi, koma kunyoza kumene kunazika mizu m'mitima ya makolo, ya aphunzitsi, ngakhalenso ya akuluakulu olemba anthu ntchito m'boma. Amene ndikunena pano si injiniya wa mapulani, uja amakhala pansi ndi masamu akuya n'kulingalira kukula kwa damu lisanakhalepo. Komanso si mmisiri wa manja, womanga njerwa kapena wowotcherera zitsulo, ngakhale onse awiriwa ndiwalemekeza ndipo popanda iwo palibe chingaimirire. Ndikunena za uja woima pakati pawo, amene amaphunzira pa yunivesite maphunziro otchedwa Engineering Technology kwa zaka 3 kapena 4, nthawi ina m'kalasi, koma nthawi yambiri ndithu m'nyumba ya makina ndi pa ntchito yeniyeni. Amene amatha kuwerenga pulani ya injiniya n'kuona pamene pepala lasemphana ndi nthaka. Amene amadziwa chifukwa chake pampu ikutentha asanaimasule, ndipo akaimasula amadziwa kuibwezera. Amene kapitawo ndi anyamata ake amamumvera chifukwa anamuonapo atagwira sipanala, ndipo injiniya amamukhulupirira chifukwa anamuonapo akuwerengetsa. Ameneyu ndiye tekinolojisiti. Dziko limene lilibe anthu otere limamanga ndi ngongole, limatsegulira ndi nyimbo, kenaka limakhala pansi kudikira mlendo kuti adzakonze.

Mbiri ya dera lathu lino ikanayenera kutiphunzitsa zimenezi kalekale. Pamene David Livingstone anakwera mtsinje wa Shire mu 1859, anapeza Amang'anja akusungunula chitsulo m'ng'anjo zawo, akusula makasu, nkhwangwa ndi mikondo, akupota thonje ndi kuomba nsalu, akuphika mchere wochokera m'dothi. Ndiko kunena kuti chigwa chino chinali ndi amisiri akeake, odziwa ntchito kuyambira pa mwala wa chitsulo kufikira pa khasu lolowa m'munda. Koma mu 1875, pamene amishoni a Livingstonia anafika pansi pa mathithi a Shire ndi sitima yawo ya Ilala n'kuimasula zidutswazidutswa kuti ikalumikizidwenso kumtunda, mafumu a Chikololo anasonkhanitsa amuna mazanamazana amene anasenza zitsulozo pamutu, kukwera nazo zitunda m'dzuwa la chilimwe, ndipo mbiri imawayamika kuti sanataye kanthu panjira. Ulemu umenewo ndi wawo ndithu, palibe angawalande. Komabe tinene chilungamo, ntchito yawo inathera pa kusenza, ndipo kulumikiza ndi kuyendetsa kunali kwa ena. Pambuyo pake sitima za kampani ya Mandala zinkakocheza pa doko la Katunga, amtengatenga n'kumakwera ndi katundu ku Blantyre. Koma njanji itafika ku Blantyre mu 1908 dokolo linazilala, malonda anasamukira kwina, ndipo osenza aja anatsala ndi nkhata zawo zokha. Ndikaona anyamata athu lero akutsitsa matumba a simenti, akukupiza mbendera zofiira pamsewu, akulonda makina usiku, mtima wanga umandiuza kuti chasintha ndi chipewa cholimba chimene chalowa m'malo mwa nkhata, koma gawo lathu pa ntchito likadali lomwe lija.

Pano ndisamveke molakwa. Sindikudzudzula a kampani ya Conduril ya ku Portugal, kapena a Sinohydro ya ku China, amene anapatsidwa zigawo za ngalandeyi, kapenanso World Bank ndi African Development Bank amene anaikapo ndalama. Iwo anabwera kudzagwira chimene chinalembedwa m'mapangano, ndipo chimene sitinalembe sitingawafunse. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndipo ananena zimenezi osati ponyoza mlendo, koma pochenjeza mwini mudzi. Mlandu uli pa ife, pakuti maganizo othirira chigwa chino si a dzulo: kampani ya Sir William Halcrow inapereka lipoti lake la Shire Valley Project mu 1954, m'nthawi ya atsamunda, ndipo kuyambira pamenepo boma lililonse lakhala likulonjeza madzi amenewa. Tinapatsidwa zaka zokwana moyo wa munthu zakuti tikonzekeretse ana, ndipo tinazithera podikira makina.

Anthu ambiri, ngakhale ophunzira, amaganiza kuti ngalande ikakumbidwa ndi kuwakidwa ndi konkire ndiye kuti yatha, madzi azingoyenda okha mpaka muyaya, makamaka popeza madzi amenewa adzatsika ndi mphamvu yawo, osakankhidwa ndi pampu. Woganiza choncho saudziwa Shire. Mtsinje umenewu umanyamula matope ndi mchenga wochokera m'mapiri amene tinawameta mitengo, ndipo chimene chimakwirira madamu a Nkula, Tedzani ndi Kapichira chidzalowanso m'ngalande. Pafunika munthu woyeza nyengo ndi nyengo kuti matope akwera motani, ndi wodziwa nthawi yowachotsa asanatseke njira. Dothi lathu la makande limatupa likamwa madzi ndipo limang'aluka likauma, kotero kuti konkire woyalidwa pamwamba pake amasweka pang'onopang'ono. Mng'alu woonedwa msanga umatsekedwa ndi matumba ochepa a simenti, pamene wosiyidwa dzinja limodzi umagumula chipupa chonse. Ndiponso pali mchere. Aliyense wa kuno adziwa mijigo imene madzi ake sapha ludzu, ndipo munda wothiriridwa popanda tingalande totayira madzi otsala umakweza mchere wa pansi kufika pamwamba, nthaka n'kuyera mbuu, mbewu n'kupserera. Dziko la Pakistan, limene lili ndi ngalande zazikulu kuposa zathu, linawononga minda yambiri mwa njira yomweyi. Onjezanipo zipata zogawira madzi, zimene ziyenera kuyezedwa molungama kuti wa kumtunda asamwe gawo la wa kumunsi, pakuti mlandu wa madzi suchedwa kutulutsa zikwanje. Onjezanipo namasupuni, nkhono zofalitsa likodzo, timitsinje tochokera kumapiri timene tiyenera kudutsa pansi kapena pamwamba pa ngalande popanda kuigumula, ndi makina othirira ozungulira a m'minda ya nzimbe, amene akaima sabata imodzi m'mwezi wa Okutobala mlimi wataya gawo la thukuta lake. Zonsezi si ntchito za tsiku lodula riboni. Ndi ntchito za Lolemba lililonse kwa zaka 50 zikudzazi, ndipo sizigwirika munthu ali mu ofesi ku Lilongwe.

Chenjezo tinalandira kale. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anagumula damu la Kapichira, nawononga pamene ngalande imayambira ntchito ikadali m'kati, nazimitsa mamegawati pafupifupi 130 a magetsi, ndipo dziko lonse linakhala m'kuthimathima kupitirira chaka chathunthu. Mlatho wa Chapananga pa mtsinje wa Mwanza, umene unali usanakalambe n'komwe, unaduka nthawi yomweyo. Ndipo tisanapume, namondwe wa Freddy anafika mu Malichi 2023. Palibe sukulu imene ingaphunzitse munthu kubweza namondwe, zimenezo ndivomera. Koma madzi saiwala khwawa, ndipo popeza tidziwa kuti adzabweranso, nzeru ili pa kukhala ndi anthu pamalopo amene amayeza mtsinje, amayendera zipupa dzinja lisanafike, ndipo chigumula chikapita amayamba kukonza m'mawa mwake osayembekezera kuti katswiri atsike ndege ku Chileka. Njanji inaduka ku Chiromo mu 1997 ndipo mbadwo wathunthu wakula osaona sitima ikuwoloka pamenepo. Masikimu akale a mthirira a Muona, Nkhate ndi Kasinthula akhala akukonzedwanso ndi ndalama za ena, chifukwa kusamalira kwa tsiku ndi tsiku kunasowa mwini. Chimene chapirira m'midzi mwathu ndi mjigo wa Afridev, umene chiyambi chake chinali m'Malawi momwemuno m'zaka za m'ma 1980, ndipo wapirira chifukwa oupanga anayamba afunsa kuti adzaukonza ndani, n'kuupanga mwakuti anthu a pamudzi athe kuumasula ndi sipanala imodzi. Funso limene linafunsidwa pa mjigo liyenera kufunsidwa mofuula koposa pa ngalande.

Za doko la ku Nsanje, limene linatsegulidwa ndi mwambo waukulu mu Okutobala 2010 koma silinalandirepo malonda amene linamangidwira, ndinena mwachidule: silinafe chifukwa chosowa amisiri, linafa chifukwa chakuti mgwirizano ndi eni mtsinje wa Zambezi unali usanapse. Komabe nthenda yake ndi yomweyi, ndiyo ya munthu wa m'fanizo la m'Baibulo uja amene anayamba kumanga nsanja asanakhale pansi kuwerenga mtengo wake.

Tsono tiyang'ane ku sukulu zathu za ukachenjede. Polytechnic inatsegulidwa ku Blantyre mu 1965 ndi thandizo la dziko la America, ndipo pachiyambi ntchito yake yaikulu inali kuphunzitsa anthu apakati amene ndikunenawa, a dipuloma ndi amisiri ophunzira, amene ambiri a iwo ndiwo anasunga magetsi a Nkula, njanji, misewu ndi mafakitale m'zaka zoyamba za ufulu. Lero sukuluyo ndi yunivesite payokha, yotchedwa MUBAS kuyambira 2021. Ku Ndata m'boma la Thyolo, kuseri kwa mapiri amene timawaona kum'mawa tikaima pa Dyeratu, kuli MUST imene inatsegulidwa mu 2014. Ndipo ku Bunda, LUANAR imaphunzitsa uinjiniya wa ulimi ndi wa mthirira. Sindinyoza imodzi mwa izi, ndipo ndidziwa kuti muli aphunzitsi odzipereka amene amagwira ntchito yaikulu ndi zipangizo zochepa. Koma pamene njala ya digiri inakula m'dziko, maphunziro a dipuloma anayamba kuonedwa ngati mpando wa wolephera, ndipo digiri yeniyeniyo inapendekera ku bolodi ndi choko, chifukwa kuphunzitsa masamu kwa ophunzira 100 n'kotchipa, pamene kuwapatsa aliyense chitsulo chakuti adule, waya wakuti alumikize ndi simenti yakuti ayese kumadya ndalama tsiku lililonse. Zotsatira zake olemba ntchito amazidandaula poyera: mnyamata wodziwa kuwerengetsa mphamvu ya pampu papepala, koma wosaigwirapo m'manja. Ndipo nthawi yokaphunzira pa ntchito, imene ikanayenera kukhala mtima wa maphunzirowa, imasiyidwa kwa wophunzira kuti adzifunire yekha malo, kawirikawiri popanda malipiro, kotero kuti mwana wa mlimi wa thonje amasankha malo amene ali pafupi ndi mbale womusunga, osati amene ali ndi chomuphunzitsa.

Mayiko amene anatitsogolera pa zomangamanga sachita manyazi ndi munthu wapakatiyu. Atagwirizana za mulingo wa maphunziro a mainjiniya mu pangano la Washington mu 1989, anaona kuti sizikukwanira, napanganso pangano la Sydney mu 2001 lokhudza matekinolojisiti, ndi la Dublin mu 2002 lokhudza matekinishani, kuti gulu lililonse likhale ndi mulingo wake ndi ulemu wake. Ku South Africa, kumene abale athu ambiri amapita kukafuna maganyu, kuli mayunivesite athunthu a ntchito imeneyi ku Tshwane, ku Durban, ku Vaal ndi ku Cape Peninsula, ndipo womaliza kumeneko amalembetsedwa ndi bungwe la mainjiniya n'kumasaina ntchito za mulingo wake. Ku Germany nakonso, kumene makina ake timawatama, mainjiniya ambiri amachokera ku sukulu za ukachenjede zotsamira pa ntchito. Ife tili ndi lamulo la 2019 limene linakhazikitsa Malawi Engineering Institution, ndipo ndi chiyambi chabwino. Koma lamulo silingakweze munthu amene ndondomeko ya malipiro m'boma imamuika pansi, mwakuti wa dipuloma waluso, amene wasunga sikimu yamoyo zaka 15, kawirikawiri amalamulidwa ndi mnyamata wa digiri amene wafika dzulo, ndipo njira yakuti akwere ndi yopapatiza. Mwana wanzeru amaona zimenezi, ndipo sitingamudzudzule akathawa.

Komatu kwa mwana wa m'chigwa chipata chimatsekeka kale asanafike n'komwe pa yunivesite. Kuti munthu asankhidwe kukachita uinjiniya afunika kukhoza bwino masamu ndi sayansi pa mayeso a MSCE. Koma ana athu ambiri amaphunzira m'masekondale oyendera a m'midzi, amene ochuluka alibe chipinda choyeseramo sayansi, ndipo mphunzitsi wa masamu akapezeka sakhalitsa, chifukwa cha kutentha ndi kusowa nyumba. Dzinja likavuta, makalasi omwewo ndiwo amasanduka misasa ya othawa madzi, maphunziro n'kuima masabata ambiri, pamene anzawo a ku Zomba ndi ku Blantyre akupitirira ndi silabasi. Pamapeto pake onse amakhala mayeso amodzi, ndipo bungwe la NCHE limasankha poyang'ana mapointi. Sindikupempha kuti mulingo utsitsidwe, pakuti mlatho sufunsa kwawo kwa woumanga. Ndikupempha kuti pa ndalama zochuluka zimene zikuthiridwa mu konkire, pachotsedwe kachigawo kakang'ono komangira zipinda za sayansi ndi nyumba za aphunzitsi m'masekondale a m'mbali mwa ngalande, ndi kuti pakhale chaka chimodzi chokonzekeretsa ana amene aonetsa mutu wa masamu koma anaphunzira movutika. M'mera mpoyamba. Ndipo atsikana asaiwalike pa chiwerengerocho, pakuti amene amadziwa mtengo wa madzi kuposa onse m'chigwa muno ndi amene akhala akuwasenza pamutu, ndi kuwatunga m'mphepete mwa Shire momwe ng'ona zatha anthu.

Palinso makwerero amene anathyoka pakati. Bungwe la TEVETA linakhazikitsidwa mu 1999, ndipo olemba anthu ntchito amapereka 1 peresenti ya malipiro a antchito awo kuti ithandize maphunziro a umisiri. Ku makoleji a umisiri a Soche, Nasawa ndi kwina kumatuluka achinyamata odziwa magetsi, makina ndi mipope. Ambiri a iwo ali kale pa ntchito ku fakitale ya shuga ku Nchalo, ku PressCane ndi m'makopaletivi a nzimbe a Kasinthula, Phata ndi Katunga-Maseya, ndipo ena ali ndi mitu yakuti akanakhala matekinolojisiti abwino koposa, chifukwa manja anaphunzira kale. Khomo la olowa pa yunivesite atakula lilipo, sindikana. Koma ndi lodula, ndipo limafuna kuti munthu wa banja asiye ntchito n'kukakhala ku Blantyre. Chingalepheretse n'chiyani kuti MUBAS, MUST kapena LUANAR itsegule nthambi kuno, pa malo a kafukufuku wa zaulimi a Kasinthula kapena ku Ngabu, kumene antchito angaphunzire madzulo ndi Loweruka, ndiponso kumene wophunzira aliyense wa mthirira, wa zomangamanga ndi wa makina angakhale chaka chathunthu pa ngalande yeniyeni asanalandire pepala lake? Aphunzitsi a udokotala anazindikira kale kuti sukulu yawo iyenera kutsamira chipatala, n'chifukwa chake ili pafupi ndi chipatala cha Queen Elizabeth. Sukulu ya madzi nayonso iyenera kukhala pamene pali madzi.

Kwa inu makolo anzanga ndili ndi mawu olemera pang'ono, ndipo mundikhululukire. Ndife amene timati mwana akabwera kunyumba ndi ovolosi yothimbirira ndi girizi, timatsitsa mawu pomutchula kwa alendo, pamene mnzake wovala taye, ngakhale akhale wosunga mafaelo chabe, timamukhazika pampando wa kutsogolo. Mtima umenewu tinautengera ku nthawi ya atsamunda, pamene ukalaliki ndiwo unali denga la munthu wakuda, ndipo sitinaulape mpaka lero. Koma ife amene timadzitcha anthu a Mawu tikumbukire kuti pamene chihema chinkamangidwa m'chipululu, Yehova anaitana Bezaleli pomutchula dzina, namudzaza ndi mzimu wake kuti agwire ntchito ya golide, ya mkuwa, ya miyala ndi ya mitengo. Kuti mfumu Hezekiya imakumbukiridwa m'buku la Mafumu chifukwa cha thamanda ndi ngalande imene inalowetsa madzi m'mudzi. Kuti mtumwi Paulo ankasoka mahema, ndipo Ambuye mwini anakulira m'nyumba ya mmisiri wa matabwa. Ngati Mlengi sananyoze dzanja lodziwa ntchito, ife tikhala yani kuti tilinyoze?

Ena adzanditsutsa, ndipo kutsutsa kwawo n'kwanzeru, kuti m'dziko muno muli kale achinyamata a madigiri a uinjiniya amene akuyenda ndi maenvulopu m'misewu ya Blantyre, ndipo kuonjezera ena n'kuonjezera misozi. N'zoona kuti alipo, ndipo chisoni chawo ndi changa. Koma kusowa kwawo ntchito sikusonyeza kuti ntchito palibe. Kukusonyeza kuti ntchito yosamalira zinthu sitiilipira. Bajeti zathu zimapeza ndalama zomangira chatsopano, chifukwa chatsopano chimaoneka pa kanema, koma mzere wa zokonza ndiwo umayamba kudulidwa ndalama zikachepa. Tsiku limene boma lidzalamula kuti pa malipiro a madzi a m'ngalande gawo lakutilakuti lisakhudzidwe koma lipite ku kusamalira, ndi kuti sikimu iliyonse ndi khonsolo iliyonse ikhale ndi tekinolojisiti wolembetsedwa, malo a ntchito adzaoneka: ku EGENCO ndi ku ESCOM, ku Southern Region Water Board, ku Roads Authority, ku nthambi ya ulimi wothirira, m'mafakitale a shuga ndi a ethanol, m'makopaletivi, ndi m'mafakitale ang'onoang'ono opuntha mpunga, oyenga mafuta ndi osunga zokolola pozizira, amene ayenera kubadwa ngati madziwo abweretsadi zokolola. Ndiponso pa ophunzira onse, wa manja ndi mutu pamodzi ndiye sakhala nthawi yaitali akudikira kalata, pakuti mapampu a dzuwa achuluka m'madimba, ndipo mwini pampu yakufa amamufunafuna yekha woikonza. Enanso adzati tikawaphunzitsa bwino adzathawira ku Joni. Ena adzapita ndithu, monga anapitira agogo awo ku migodi; koma kuli bwino apite ngati akatswiri kusiyana ndi kupita ngati alonda, ndipo mwana amene amayi ake ali ndi gawo m'sikimu ali ndi chingwe chomukokera kwawo chimene mlendo alibe. Ndicho chifukwa ndikulimbikira za ana a m'chigwa, osati chifukwa cha tsankho.

Chinthu chimodzi ndiyenera kunena kwa achinyamata eni ake, chifukwa ntchito imeneyi ili ndi yeso lake. Tekinolojisiti ndiye amayeza ngati simenti yathiridwa yokwanira, ngati zitsulo za m'kati mwa chipilala zili monga mwa pulani, ngati dothi lapsinjidwa mokwana. Ndiye amatenga timabokosi ta konkire kukatiphwanya pa makina patapita masiku 7 ndi masiku 28 kuti adziwe mphamvu yake. Ndipo siginecha yake ndiyo imatsegula thumba la malipiro. Pa chifukwa chimenechi adzabwera kwa inu anthu a mawu okoma, madzulo, ndi envulopu m'thumba. Tonse taonapo midadada ya sukulu yong'aluka isanathe chaka, ndi timilatho tokokoloka ndi mvula yoyamba, ndipo pa chilichonse cha izo panali munthu wophunzira amene analemba dzina lake kuti ntchito yayenda bwino. Chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere. Muyeso wonyenga Mulungu amanyansidwa nawo pa msika. Nanga kotani pa chipupa chimene kunsi kwake kukugona mudzi? Yunivesite imene iphunzitsa kuyeza koma osaphunzitsa kukana yatulutsa munthu woopsa kuposa mbuli, ndipo bungwe lolembetsa mainjiniya liyenera kufufuta poyera dzina la wosaina bodza, monganso liyenera kuteteza wokana kusaina pamene akuluakulu amuopseza ndi kumusamutsa.

Tsono kwa inu a Gogo Chalo Katunga, a Maseya, a Kasisi, a Chapananga, a Ngabu, ndi kwa inu Mfumu ya Mafumu Lundu, ndigwada pansi ndi kuomba m'manja: munapereka malo, munakhazika mitima ya anthu pansi pamene minda inkayezedwa, ndipo mawu anu amamveka kumene athu safika. Pemphani kuti m'mapangano a zigawo zotsala za ngalandeyi mulembedwe momveka kuti kontrakitala aliyense atenge ophunzira owerengeka, awalipire, awaike pambali pa akatswiri ake kuyambira poyeza nthaka mpaka potsegula zipata, ndipo asalandire malipiro omaliza asanaonetse mayina awo ndi zimene aphunzira. Aphungu athu a ku Nyumba ya Malamulo afunse za ngongole za ophunzira, kuti zifike ndi kwa a dipuloma za umisiri mosavuta.

Ndipo nthawi tiiwerenge bwino. Ntchito yonseyi inakonzedwa kuti iyende kuchokera mu 2018 mpaka 2031; koma mwana amene ali Fomu 1 afunika zaka 4 za sekondale, zina 4 za koleji, ndi zina 2 kapena 3 pansi pa katswiri asanamusiyire zipata yekha, ndiko kuti zaka 10 kapena 11. Ameneyo timuyambe ndithu, koma sangafike msanga. Oyamba ayenera kuchokera mwa amene ali kale ndi MSCE ndipo akupalasa kabaza pa Dyeratu ndi pa Nchalo, ndi mwa amene akugwira ganyu pa ngalande pomwepo, amene makapitawo amawadziwa kuti uyu ndiye amafunsa mafunso. Mafumu ndi alembi awo angathe kulemba mayina amenewa m'mwezi umodzi. Khonsolo ya Chikwawa ndi ya Nsanje ziitane aphunzitsi a ku yunivesite adzawayese masamu kuno konkuno, ndipo gulu loyamba lilowe m'kalasi chaka chamaphunziro chikudzachi.